Momwe mungaunikire lipoti la kafukufuku woyesa mankhwala musanalikhulupirire

Lipoti la kafukufuku woyesa mankhwala saliwerenga ngati nkhani ya m'nyuzipepala, kuyamba tsamba loyamba mpaka lomaliza. Chidule chimene chimakhala pamwamba, chija amachitcha abstract, ofufuza amachilemba pomaliza ndipo amachikometsera dala kuti chikope. Mukawerenga chokhacho n'kulumphira ku ndime yotsiriza, mwangomva maganizo a olembawo, umboni wawo simunauone. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo nyererezo zimakhala mu gawo la Methods, m'matebulo ndi m'mafayilo owonjezera amene ambiri sawatsegula n'komwe.

Khalani ndi zinthu izi pafupi: lipoti lonse, mafayilo ake owonjezera, tsamba la kaundula kumene kafukufukuyo analembetsedwa, pensulo, pepala ndi foni yowerengera masamu. Lipoti limodzi limadya ola limodzi kapena awiri. Ngati magazini yake ndi yolipira, yambani mwayang'ana pa PubMed Central, nkhokwe ya pa intaneti ya malipoti aulere, kapena funsani ku laibulale ya sukulu kapena chipatala chanu za Research4Life, njira yowerengera magazini olipirawo, imene mabungwe a maphunziro ndi zaumoyo a ku Malawi amalembetsako kwaulere.

1. Lembani funso lawo m'chiganizo chimodzi

Anayesa ndani, anawapatsa chiyani, anayerekeza ndi chiyani, anayeza chiyani ndipo liti. Tengani kafukufuku wa AQUAMAT, yemwe anatuluka mu The Lancet mu 2010: ana osakwana zaka 15 ogonekedwa ndi malungo aakulu m'zipatala 11 za m'mayiko 9 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, ena anabayidwa artesunate ena quinine, ndipo anawerenga amene anamwalira ali m'chipatala. Funso loyera chonchi limatheka kulemba m'mphindi ziwiri. Mukavutika kulipeza, kawirikawiri ndiye kuti olembawo sanalikhazikitse bwino.

Yang'anitsitsani gulu loyerekezera. Mankhwala atsopano amawala mosavuta akaikidwa pambali pa mankhwala akale operekedwa pa mlingo wochepa, kapena pambali pa placebo, chinthu chofanana ndi mankhwala koma chopanda mphamvu, pamene chithandizo chabwino chilipo kale m'mawodi.

2. Tsegulani kaundula musanaone zotsatira

Kumapeto kwa chidule kumakhala nambala ya kaundula imene imayamba ndi NCT, ISRCTN kapena PACTR. Ya NCT ndi ya ClinicalTrials.gov, ya PACTR ndi ya Pan African Clinical Trials Registry. Kuyambira 2005 akonzi a magazini akuluakulu a zachipatala anagwirizana kuti kafukufuku alembetsedwe asanayambe kulemba odwala. Onani zinthu ziwiri. Choyamba, tsiku lolembetsa likhale loyambirira, wodwala woyamba asanalowe. Chachiwiri, chotsatira chachikulu, chimene amati primary outcome, chifanane ndi cha mu lipoti, pamodzi ndi nthawi yoyezera. Pa ClinicalTrials.gov pali mbiri ya zonse zimene zinasinthidwa. Itseguleni muone zimene analemba poyambirira penipeni.

Chimene chimachitika n'chakuti ofufuza amayeza zinthu khumi, chachikulucho chikapanda kusonyeza kusiyana amakweza china chimene chinatuluka bwino n'kuchiika pamwamba. Gulu la COMPare la ku Oxford linaunika malipoti 67 a m'magazini asanu otchuka kwambiri kumapeto kwa 2015, ndipo 9 okha ndi amene anafotokoza zotsatira zawo ndendende monga analonjezera. Kusintha pakokha si mlandu ngati kwanenedwa poyera, ndi chifukwa chake, ndiponso ngati kunachitika ofufuza asanaone zotsatira. Kusintha kwa mwakachetechete ndiko koyenera kukuimitsani.

3. Maere: anagawa bwanji, nanga anabisa bwanji

Apa ndi pamene pagona mphamvu yonse ya kafukufuku wotere, ndipo m'pofunika kukhalitsapo. Pali mafunso awiri amene anthu amawasakaniza.

Loyamba: mndandanda wa maere unapangidwa bwanji? Mawu oti randomised pamutu wa lipoti, onena kuti odwala anagawidwa m'magulu mwa maere, sakwanira. Fufuzani chiganizo chonena kuti mndandandawo unapangidwa ndi kompyuta kapena ndi tebulo la manambala a maere. Kugawa potengera tsiku la sabata, nambala ya kabuku ka kuchipatala, kapena mosinthanasinthana kuti uyu apite uku wotsatira apite uko, si maere, chifukwa aliyense angathe kulosera.

Lachiwiri, lomwe n'lalikulu: kodi amene ankalemba wodwala ankatha kudziwiratu gulu limene wodwalayo agwere? Ganizirani namwino amene akukhulupirira ndi mtima wonse kuti mankhwala atsopanowo ndi abwino. Kwabwera mwana wokomoka, ndipo iye akudziwa kuti envelopu yotsatira ndi ya mankhwala akale. Amatha kuzengereza pang'ono, kulemba kaye mwana wina, kuti wodwalitsitsayo agwere kumene akufuna. Sachita zimenezi moipa mtima, koma magulu awiriwo asiyana kale chithandizo chisanayambe. Njira zodalirika ndi zitatu: kugawa kudzera pa foni kapena pa intaneti kuchokera ku likulu la kafukufuku, mabotolo ofanana okonzedweratu ku famase okhala ndi manambala okha, kapena maenvelopu. Maenvelopuwo akhale ndi manambala otsatizana, omata, osaonekera mkati ngakhale mutawaunika ndi tochi, ndipo nambala ya wodwala ilembedwe pa envelopu isanang'ambidwe. Lipoti likangoti sealed envelopes osanena zina, lembani chizindikiro chofunsa m'mphepete.

Msampha wina ndi wa timagulu ta maere, tija amati blocks. Ngati kagulu kali ka anthu anayi, ndipo aliyense akuona mankhwala amene wodwala walandira, mukaona A, B, A mwadziwa kale kuti wachinayi ndi B. N'chifukwa chake ofufuza osamala amasinthasintha kukula kwa timaguluti ndipo sauza ogwira ntchito m'wodi.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kenneth Schulz ndi anzake ataunika malipoti 250 mu 1995 anapeza kuti kumene kubisa kunali kosakwanira, odds ratio, nambala yoyerekeza zotsatira za magulu awiri, inakokomeza ubwino wa chithandizo ndi 41 peresenti, ndipo kumene sikunafotokozedwe bwino inakokomeza ndi 30 peresenti.

Kenako pitani pa tebulo loyamba, lofotokoza mmene magulu analili poyamba. Musataye nthawi ndi mzere uliwonse. Sankhani zinthu zitatu kapena zinayi zimene mukudziwa kuti zimapha pa matendawo. Pa malungo aakulu ndi kukomoka, kuchepa magazi, kupuma movutikira ndi msinkhu wa mwana. Ngati zasiyana moonekera, onani ngati powerengera anaziganizira. Ma p-value, manambala oyesa ngati kusiyana kungabwere mwangozi, alibe ntchito pa tebulo limeneli, popeza ngati maere anachitika bwino kusiyana kulikonse kwabwera mwangozi basi.

4. Ndani ankadziwa chimene wodwala walandira

Osakhutira ndi mawu oti double-blind, onena kuti mbali ziwiri zinabisiridwa chimene wodwala walandira. Funsani za anthu anayi paokhapaokha: wodwala, wopereka chithandizo, woyeza zotsatira ndi wowerengera masamu. Kenako funsani ngati kudziwako kukanasintha chotsatiracho. Mu AQUAMAT aliyense ankadziwa mankhwala amene mwana walandira, koma imfa siifuna maganizo a munthu, choncho vuto lake ndi lochepa. Zikanakhala kuti ankayeza ululu, kapena tsiku lotulutsa mwana m'chipatala limene dokotala amasankha yekha, likanakhala lalikulu.

Kafukufuku wa katemera wa typhoid ku Ndirande ndi Zingwangwa mu Blantyre anasonyeza njira yabwino yobisira. Ana 28,130 a miyezi 9 mpaka zaka 12 onse anabayidwa, theka katemera wa typhoid, theka katemera wa meningitis A. Palibe kholo limene linapita kunyumba likudziwa kuti mwana wake sanatetezedwe ku typhoid, kotero magulu onse awiri ankabwera kuchipatala mofanana mwana akatentha thupi.

5. Werengani anthu pa chithunzi choyamba

Lipoti labwino limakhala ndi chithunzi cha mabokosi ndi mivi chosonyeza anthu amene anaunikidwa, amene anachitiridwa maere, amene analandiradi chithandizo, amene anasowa ndi amene analowa m'masamu omaliza. Tengani pensulo muchotsere nokha. Nambala ya pansi ifanane ndi ya pamwamba, kapena kusiyanako kufotokozedwe munthu ndi munthu.

Aphunzitsi ambiri amati osowa akapanda kufika 5 peresenti nkhawa ndi yochepa, akapitirira 20 peresenti ndi yaikulu. Lamulo limeneli ndi longoyambira. Chofunika kwambiri ndi kuyerekeza osowa ndi chiwerengero cha amene chotsatiracho chinawachitikira. Tiyerekeze magulu awiri a anthu 100. Mu gulu A amwalira 10, asowa 15. Mu gulu B amwalira 15, asowa 3. Pa pepala A wapambana. Koma wodwala wosabweranso ku kiliniki nthawi zina amakhala kuti anamwalirira kumudzi. Ngati 8 mwa 15 aja anamwalira, A wafika pa 18, ndipo chigonjetso chija chatha. Chitani masamu amenewa pa lipoti lililonse limene osowa achuluka mbali imodzi.

Onaninso ngati aliyense anawerengedwa mu gulu limene maere anamuika, kaya anamaliza mankhwala kaya ayi. Imeneyi ndiyo intention-to-treat. Inzake, per-protocol, imangotenga amene anatsatira zonse, ndipo imaphwanya maere chifukwa osiya mankhwala kawirikawiri ndi amene anadwalitsitsa kapena amene mankhwalawo anawavuta. Ziwirizi zikayandikana mtima umakhala pansi: pa katemera wa typhoid uja yoyamba inapereka 80.7 peresenti, yachiwiri 83.7 peresenti. Pa kafukufuku wa non-inferiority, wofuna kusonyeza kuti mankhwala atsopano sachepa mphamvu kwenikweni poyerekeza ndi akale, funani zonse ziwiri, chifukwa kumeneko intention-to-treat ndi imene imatha kufananitsa zinthu zosiyana.

6. Kodi chimene anayezacho wodwala amachimva?

Kutsika kwa nambala ya mu labotale, kuoneka bwino kwa chithunzi cha X-ray kapena kubwerera kwa kugunda kwa mtima ndi zizindikiro chabe. Wodwala amafuna moyo, kuchira, kuyenda ndi kubwerera kumunda.

Kafukufuku wa FEAST ndi phunziro lowawa pa nkhaniyi. Ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, ana 3,141 otentha thupi kwambiri amene magazi sankayenda bwino m'thupi anagawidwa patatu: dilipi yothamanga ya albumin, dilipi yothamanga ya saline, kapena madzi a pang'onopang'ono okha. Madokotala amene anali pambali pa bedi ankaona ana a dilipi yothamanga akutsitsimuka, ndipo zizindikiro za shock, kusayenda bwino kwa magazi kuja, zinkachokadi msanga mwa iwo. Koma pofika maola 48, amene anamwalira anali 10.6 peresenti pa albumin, 10.5 pa saline, ndi 7.3 mwa amene sanalandire dilipi yothamanga. Komiti yoyang'anira chitetezo inaimitsa kafukufukuyo kumayambiriro kwa 2011. Zofanana zinaoneka ku America mu 1989 pa kafukufuku wa CAST, pomwe mankhwala a encainide ndi flecainide ankakonza kagundidwe ka mtima pa ECG koma imfa zinachuluka.

Samalaninso ndi chotsatira chophatikiza, monga imfa kapena kugonekedwa kapena kusintha mankhwala, zonse m'thumba limodzi. Masulani thumbalo. Nthawi zambiri chopepukacho ndi chimene chasuntha nambala, imfa zili pomwepo.

7. Chitani masamu nokha

Pezani manambala anayi: amene chinawachitikira ndi onse a mu gulu, mbali zonse ziwiri. Mu AQUAMAT anamwalira ana 230 mwa 2,712 pa artesunate ndi 297 mwa 2,713 pa quinine. Mukagawa mupeza 8.5 ndi 10.9 peresenti. Chotsani: kusiyana ndi pafupifupi 2.4 pa ana 100 alionse. Gawani 100 ndi 2.4, mupeza kuti pa ana pafupifupi 41 opatsidwa artesunate m'malo mwa quinine, mmodzi amene akanamwalira amapulumuka. Imeneyi ndiyo number needed to treat. Lipoti lomwelo limati imfa zinatsika ndi 22.5 peresenti, ndipo n'zoona, koma nambala imeneyo ikuyerekeza 2.4 ndi 10.9. Pokambirana m'wodi kapena pokonza bajeti, 41 ndi imene imagwira ntchito.

Katemera wa typhoid akusonyeza chifukwa chake nambala zonse ziwiri zifunika. Ana 12 mwa 14,069 otemeredwa anapezeka ndi typhoid m'magazi, pomwe mu gulu linalo anali 62 mwa 14,061. Chitetezo cha 80.7 peresenti n'chachikulu. Koma kusiyana ndi ana 50 pa 14,000, kutanthauza kutemera ana pafupifupi 280 kuti mmodzi apewe typhoid yotsimikizika m'nthawi ya kafukufukuyo. Pa katemera woperekedwa kamodzi nambala imeneyi ndi yabwino, makamaka pokumbukira kuti kuyeza magazi kumaphonya odwala typhoid ambiri, ndiponso kuti chitetezo chimapitirira kafukufuku atatha. Malawi anayamba kupereka katemerayu mu 2023.

Masamu omwewa achitike pa zoipa. Mu FEAST kusiyana kunali 3.3 pa 100, ndiye kuti pa ana pafupifupi 30 olandira dilipi yothamanga pankawonjezereka imfa imodzi.

Tsopano confidence interval. Ndi manambala awiri osonyeza malire a pamene yankho lenileni lingakhale. Pa risk ratio, odds ratio ndi hazard ratio, manambala opezeka pogawa zotsatira za gulu limodzi ndi za linzake, ikadutsa pa 1 ndiye kuti kusasiyana konse kudakali kotheka. Pa kusiyana kochotsera, malire ndi 0. Musaime pamenepo. Werengani mbali zonse ziwiri n'kudzifunsa kuti: yankho lenileni litakhala kumapeto uku ndingachite chiyani, nanga litakhala uko? Pa typhoid malire anali 64.2 ndi 89.6 peresenti, ndipo ngakhale ochepawo ndi okwanira kutemera. Koma risk ratio ya 0.80 yokhala ndi malire a 0.50 ndi 1.28 ikunena kuti mankhwalawo angachepetse imfa ndi theka kapena kuzichulukitsa. Olemba akamati panalibe kusiyana pa zotere, chimene chachitika n'chakuti odwala anachepa ndipo funso silinayankhidwe. P-value yochepera 0.05 simakuuzani kukula kwa phindu. Mu kafukufuku wa anthu 20,000 kusiyana kosathandiza aliyense kumatha kuipeza.

8. Magulu ang'onoang'ono ndi kafukufuku wa midzi

Mukagawa odwala m'njira 20, mwangozi chabe njira imodzi imatha kuoneka yosiyana. Ofufuza a ISIS-2 anasonyeza zimenezi mwanthabwala mu 1988. Aspirin anathandiza moonekeratu mwa odwala mtima 17,187, koma atawagawa potengera nyenyezi za mwezi wobadwa, obadwa pa Gemini ndi Libra anaoneka ngati sanathandizidwe. Khulupirirani kagulu pokhapokha ngati kanalembedwa mu protocol, ndondomeko yolembedwa ya kafukufuku, kafukufukuyo asanayambe, timagulu toyesedwa tinali tochepa, pali chifukwa chomveka cha m'thupi, ndipo pali test for interaction yosonyeza kuti timaguluto tasiyanadi.

Kafukufuku wa MORDOR, wa mu 2018, ndi chitsanzo chovuta chimene chimatikhudza. Madera 1,533 ku Niger, Tanzania ndi Malawi, m'boma la Mangochi, anachitiridwa maere kuti ana a mwezi umodzi mpaka miyezi 59 azilandira azithromycin kapena placebo kawiri pachaka. Ponseponse imfa zinatsika ndi 13.5 peresenti. Ku Niger zinatsika ndi 18.1, ku Malawi ndi 5.7, ndipo malire a ku Malawi anayambira pa kuwonjezereka kwa 9.7 mpaka kutsika kwa 18.9. Wina anganene kuti ku Malawi sizinagwire ntchito, wina anganene kuti 13.5 ndi yathunso. Onse awiri apitirira umboni. Mkati mwa malire a ku Malawi muli ziro ndiponso muli 13.5, ndipo ku Niger, kumene imfa za ana zinali zambiri, ndi kumene kunakoka nambala yonse.

Pa kafukufuku wotere maere amagwera midzi, masukulu kapena zipatala. Ana a m'mudzi umodzi amamwa pa mjigo umodzi ndipo amapita ku chipatala chimodzi, choncho sali ngati anthu osadziwana. Fufuzani ngati masamu anaganizira zimenezi. Mawu oti intracluster correlation kapena adjusted for clustering azioneka. Akapanda kuoneka, malire a confidence interval ndi opapatiza mwabodza.

9. Kodi odwala anu ali m'gulu limene linayesedwa?

Werengani mndandanda wa amene anakanidwa. FEAST sanalembe ana otsegula m'mimba, onyentchera kwambiri, opsa ndi moto kapena ofunika opaleshoni, ndipo zipatala zake zinalibe makina opumira. Kuchedwetsa madzi kwa mwana amene watha madzi ndi kutsegula m'mimba ponamizira FEAST ndi kuwerenga molakwika kumene kungaphe. Onaninso amene analipira kafukufuku ndi mbali imene anatenga polemba, komanso ngati anaimitsidwa msanga chifukwa cha phindu, popeza oimitsidwa motero amakonda kukokomeza.

Mukafika pa systematic review

Systematic review imasonkhanitsa kafukufuku yense wa funso limodzi potsata ndondomeko yolembedweratu, ndipo meta-analysis ndi masamu ophatikiza zotsatira zake. Anthu amaiika pamwamba pa umboni wonse, koma nsima siingakome kuposa ufa wake.

Yambani ndi protocol. Ikhale pa PROSPERO, kaundula wa ku University of York, kapena mu Cochrane Library. Kenako onani kafufuzidwe: nkhokwe za malipoti zosachepera ziwiri kapena zitatu monga MEDLINE, Embase ndi CENTRAL, makaundula a kafukufuku kuti apeze zosasindikizidwa, mawu onse ofufuzira olembedwa kuti wina athe kubwereza, ndi tsiku lomaliza kufufuza. Tsikulo ndilo msinkhu weniweni wa review. Yosindikizidwa chaka chino imatha kukhala kuti inaleka kufufuza zaka zitatu zapitazo. Pa mafunso a ku Africa onani ngati anayang'ana African Index Medicus, ndiponso ngati sanataye malipoti a m'Chifalansa ndi Chipwitikizi.

Kusankha malipoti ndi kutolamo manambala kuchitike ndi anthu awiri payekhapayekha. Pakhale mndandanda wa malipoti amene anawerengedwa onse n'kukanidwa, lililonse ndi chifukwa chake. Ngati mukudziwa kafukufuku wamkulu wa nkhaniyo, mufufuzeni. Akasowa pa otengedwa ndi pa okanidwa pomwe, kafufuzidwe kanali koperewera.

Kafukufuku aliyense aunikidwe za kukondera. Chida cha Cochrane cha RoB 2, cha mu 2019, chimayang'ana mbali zisanu: maere, kupatuka pa chithandizo chimene chinakonzedwa, zotsatira zosowa, kayezedwe ka chotsatira, ndi kusankha zotsatira zolengeza. Ambiri amajambula tebulo lokongola la madontho obiriwira, achikasu ndi ofiira, kenako n'kuphatikiza onse ngati kuti tebulolo kulibe. Funani sensitivity analysis yochotsa ofiirawo. Nkhani ya ivermectin pa COVID-19 inagona pomwepa: ma meta-analysis a mu 2021 anasonyeza kutsika kwakukulu kwa imfa, koma gawo lalikulu la phindulo linachokera ku kafukufuku mmodzi wa ku Egypt amene lipoti lake linachotsedwa pa intaneti mu July 2021 zitapezeka kuti zolembedwa za odwala zinali zokayikitsa. Atamuchotsa pamodzi ndi ena ofooka, phindulo linazimiririka, ndipo kafukufuku wa TOGETHER wa ku Brazil, wa odwala 1,358, sanapeze phindu mu 2022.

Forest plot, chithunzi cha zotsatira za meta-analysis, iwerengeni motere. Mzere woimirira pakati ndi posasiyana. Onani mawu a pansi kuti mudziwe mbali imene ikukomera chithandizo, chifukwa si nthawi zonse imakhala kumanzere. Kabokosi kalikonse ndi kafukufuku mmodzi, kukula kwake ndi kulemera kwake m'masamu, ndipo mzere wopingasa ndi confidence interval yake. Dayamondi ya pansi ndi zonse pamodzi. Musanaione, yang'anani ndime ya kulemera: ngati kafukufuku mmodzi watenga 70 peresenti, mukuwerenga kafukufuku ameneyo, choncho kamuunikeni ndi masitepe a pamwambapa. Kenako onani ngati mizere yopingasa ikulowana. Nambala ya I² imanena gawo la kusiyana kwa zotsatira limene silingabwere mwangozi. Ikapitirira 50 peresenti funsani chifukwa, ikapitirira 75 kayikirani ngati kuphatikizako kunali koyenera. Koma I² yotsika sichotsa udindo woganiza: kuphatikiza ana ndi akuluakulu, kapena mlingo wa masiku atatu ndi wa masiku khumi, kumafuna chifukwa cha kuchipatala. Njira yophatikizira zotsatira ya random-effects sichiritsa kusiyanaku, ndipo imawonjezera kulemera kwa kafukufuku ang'onoang'ono, amene kawirikawiri ndi ofooka. Funnel plot, chithunzi chofufuzira ngati malipoti ena sanasindikizidwe, ili ndi tanthauzo pokhapokha malipoti akafika 10.

Pomaliza pezani tebulo la Summary of findings ndi mulingo wa GRADE, wonena kudalirika kwa umboni, pa chotsatira chilichonse: high, moderate, low kapena very low. Umboni wa maere umayambira pamwamba n'kumatsitsidwa pa zifukwa zisanu: kukondera, kusagwirizana kwa zotsatira, kusiyana kwa oyesedwa ndi odwala a funsolo, malire otambalala, ndi kukayikira kuti zina sizinasindikizidwe. Werengani timawu ta pansi pa tebulo tofotokoza chifukwa chotsitsira, kenako yerekezani ndi mawu omaliza a olemba. Umboni wa low sungabale chiganizo choti mankhwala amachepetsa imfa. Ungabale choti mwina angachepetse. Wofuna fomu yoti azichonga agwiritse ntchito AMSTAR 2, ya mafunso 16, pokumbukira kuti siiwerengedwa ngati malikisi a mayeso: kulephera funso limodzi mwa 7 ofunikira kwambiri kumatsitsa review yonse.

Ngati wolemba ndinu

Zonse zimene mwafufuza mwa ena, owerenga adzazifufuza mwa inu. Protocol ilembedwe motsata SPIRIT, mndandanda wa zoyenera kulembamo, ivomerezedwe ndi komiti ya zamakhalidwe a kafukufuku monga NHSRC kapena COMREC, ndi PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, ngati mukuyesa mankhwala ku Malawi, ndipo ilembetsedwe wodwala woyamba asanasaine. Lipoti litsate CONSORT, mndandanda wa zoyenera kunena mu lipoti, umene unayamba mu 1996. Ya 2025 ili ndi mfundo 30 ndipo yalowa m'malo mwa ya 2010 ya mfundo 25. Pali zowonjezera zake za kafukufuku wa midzi, wa non-inferiority ndi za zoipa za mankhwala. Review itsate PRISMA 2020, ya mfundo 27. Zonsezi zimapezeka pa tsamba la intaneti la EQUATOR Network. Dziwani kuti CONSORT ndi PRISMA zimaona ngati mwanena zonse. Kafukufuku woipa akhoza kufotokozedwa mokwanira bwino lomwe.

Tsegulani mndandandawo tsiku loyamba kulemba, ndipo yambani ndi chithunzi cha mabokosi, chifukwa ndi pamene mumazindikira kuti simunasunge chiwerengero cha amene anakana kulowa. Buku lolemba aliyense wounikidwa ndi chifukwa chomukanira liyambe tsiku loyamba la kafukufuku. Tchulani amene anapanga mndandanda wa maere, amene ankalemba odwala ndi amene ankawagawa. Fotokozani chithandizo mpaka wina athe kuchibwereza: mlingo, njira, nthawi, wopereka ndi maphunziro ake, mndandanda wa TIDieR wa mfundo 12 umathandiza kwambiri pa zinthu monga uphungu kapena maulendo a alangizi a zaumoyo m'midzi. Paliponse pamene pali peresenti ikani manambala ake awiri. Perekani kusiyana kochotsera pamodzi ndi kogawa, chilichonse ndi malire ake. Zoipa zikhale ndi tebulo lawo, gulu ndi gulu, ngakhale zitakhala ziro. Chilichonse chimene chinasintha pa protocol chilembedwe ndi tsiku ndi chifukwa. Zotsatira, kaya zakomera mankhwalawo kaya ayi, ziikidwe pa kaundula pasanathe miyezi 12 kafukufuku atatha, monga WHO inanenera mu 2015.